Kalata kwa a Nduna ya Zaulimi ndi akuluakulu a makhonsolo: galu woluma timamupanga tokha

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi, Bwana Mkulu wa nthambi yoona za umoyo wa ziweto, ndi inu mameya ndi akuluakulu a makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba,

Ndikulemba za agalu, ndipo ndikudziwa kuti kalatayi ikupezani muli ndi zolemera zina pa tebulo: fetereza, chigodola cha nkhumba, chitopa, zinyalala za m'misika, misewu yokumbika. Galu sakamidwa mkaka, sapita naye kumsika wa ziweto, salowa m'kaundula wa chuma cha dziko. N'chifukwa chake amakumbukiridwa pokhapokha akaluma mwana. Zikatero timamva chilengezo pa wailesi choti aliyense amange galu wake, kenako patapita masabata angapo mfuti zimalira m'makwalala m'bandakucha. Njira ziwirizi takhala nazo zaka zambirimbiri, koma anthu olumidwa akufikabe kuzipatala tsiku ndi tsiku. Musanalengezenso, ndikupempha muyambe mwaona chibadwa cha galu ndi mmene tikumusungira m'mizindamu, chifukwa agalu ambiri oluma timawapanga tokha.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mutume munthu akalowe m'mipanda ingapo ku Kawale, ku Area 25, ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chibavi. Akazungulire kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda. Akapeza kabokosi ka matabwa kofoleredwa ndi lata lakale, kosafika m'chiuno, chitseko chake chomangidwa ndi waya. M'katimo muli galu wamkulu amene sangathe kuimirira bwinobwino, wagona pa mkodzo wake, lilime lili panja, akupuma wefuwefu. Mbale yake ndi chigubu chodulidwa pakati, chouma gwa, m'mbali mwakakamira nsima ya madeya ya dzulo. Pa nyumba ina akapeza wa pa unyolo wa mita imodzi, womangiriridwa ku tsinde la mango. Pansi pamene amazungulira panatha udzu kalekale, ndipo m'khosi muli chilonda chozungulira chifukwa waya anamuveka ali mwana, khosi n'kumakula waya osamasulidwa.

Mwini wake si munthu wouma mtima. Mukamufunsa akuyankhani mosabisa: "Ndimamutsekera kuti asazolowere anthu, usiku azilusa." Ena amathira tsabola m'chakudya, ena amamumana dala, ena amafika pomusutitsa chamba, zonsezo ati akhale woopsa. Akuba alipodi, ndipo munthu amene anamuthyolerapo nyumba ana ali m'tulo sindingamuseke akafuna galu wolusa. Koma palibe amene anamufotokozerapo chimene chikuchitika m'thupi ndi m'mutu mwa nyama ija, ndipo mawu okhawo amene anamva kuchokera ku boma ndi akuti amange galu. Wamangadi.

Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife. Amadziziziritsa ndi lilime potulutsa mpweya wotentha, thukuta lake lochepa lili m'mapazi mokha. Thupi lake limakhala pa madigiri 38 kapena 39, ndipo likapitirira 41 ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka. Pansi pa lata, popanda madzi, zimenezi sizitenga maola ambiri. Agalu ena amene eni ake amati apatsidwa poizoni ndi aneba amakhala atafa ndi kutentha.

Unyolo nawo uli ndi chake. Nyama ikaona choopsa imayamba yafuna kuthawa, kuluma kumabwera pomaliza njira zina zikatsekeka. Galu wa pa unyolo njira yothawira alibe. Ana akamamugenda, galu mnzake akabwera kudzamulanda chakudya, mlendo akamuyandikira, chomwe watsala nacho ndi mano, ndipo tsiku lililonse amaphunzira kuti mano ndiwo amathamangitsa choopsa. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 1994, woyerekeza agalu oluma ndi osaluma mumzinda wa Denver ku America, anapeza kuti oluma ambiri anali aamuna osafula, ndiponso kuti mpata woti galu wa pa unyolo akhale woluma unali wokula pafupifupi katatu poyerekeza ndi wosamangidwa. Ndiye tsiku limene unyolo waduka, kapena wina waiwala kutseka kabokosi kaja, amene amalumidwa ndani? Ndi mwana wa pakhomo pomwepo, mwana wa neba wodzatola mpira, mayi wogulitsa masamba, munthu wodzawerenga mita ya madzi. Wakuba yekha sabwera chimanjamanja. Amaponya kanyama kothira tameki pamwamba pa mpanda, ndipo galu amene wagona ndi njala dzulo ndi dzana samanunkhiza kawiri.

Ulonda wa galu uli m'makutu, m'mphuno ndi m'kuuwa kwake. Amamva munthu akadali kumsewu, n'kudzutsa a m'nyumba ndi aneba omwe. Kuti adziwe mlendo ayenera kuyamba wadziwa eni khomo, ndipo kuti alondere bwalo ayenera kulidziwa bwalolo masana. Galu wokhuta, wozolowera ana a pakhomo, woyenda momasuka m'kati mwa mpanda, amauwa chimodzimodzi usiku. Uthenga umenewu ndi umene anthu sanaumve, ndipo ndi inu muli ndi wailesi, alangizi ndi mafumu oti aufikitse.

Galu anachokera ku mimbulu ya kumayiko ozizira a ku Ulaya ndi Asia zaka zosachepera 15,000 zapitazo, munthu asanayambe kulima kapena kuweta mbuzi. Ku Germany, pamalo otchedwa Bonn-Oberkassel, anafukula manda a zaka pafupifupi 14,000 mmene galu anaikidwa pamodzi ndi anthu awiri, ndipo mano ake anasonyeza kuti anadwala kwambiri ali mwana, wina n'kumusamalira mpaka kupirira matendawo kwa masabata angapo. Nthawi yonseyi chimene chasintha kwambiri mwa galu ndi kufuna kukhala pafupi ndi munthu. Kumutsekera yekha tsiku lonse, osaona munthu kapena galu mnzake, kumamupweteka ngakhale mbale itakhala yodzadza. Muona akuzungulirazungulira malo amodzi, akudzinyambita mwendo mpaka chilonda, akulira mosalekeza, kapena atangokhala ndwii ngati wodwala.

Ndinene mosapita m'mbali kuti galu wa kumudzi, wa lokolo uja timamunyoza, wa makutu oimirira ndi mchira wopindika, kumbali ya m'mutu ali pabwino kuposa galu wodula wa m'bokosi wa ku tauni. Amatsatira mwini wake kudimba, amapirikitsa anyani kumunda, amapita kosaka akalulu ndi anyamata, amagona pamthunzi pamene wasankha yekha. Ali ndi mavuto ake enieni: njala, nkhupakupa, utitiri, njoka za m'mimba, mphere, ndipo ambiri safika zaka zambiri. Koma ndi wozolowera anthu, ndipo akakumana ndi mlendo amauwa ali patali n'kupatuka. Zomwe galu amafuna si zachizungu ayi, sitikukamba zomugoneka pa sofa. Amafuna madzi tsiku lonse, chakudya chokwanira chokhala ndi ka usipa kapena bonya osati madeya okhaokha, mthunzi masana, pouma nthawi ya mvula, tulo ta maola 12 kapena kuposerapo, fupa loti azitafuna, ndi mpata woyenda n'kumanunkhiza. Mphuno yake ili ndi timinyewa tomva fungo mamiliyoni mazana angapo pamene munthu ali ndi mamiliyoni 6 okha, choncho akaima pa chitsa n'kumanunkhiza kwa mphindi yathunthu ndiye kuti akumva amene anadutsa usiku. Akuluakulu anati kuweta galu n'kumponyera, ndipo sanatanthauze nsima yokha.

Pali nyengo ina pa moyo wa galu imene ikadutsa sibwerera, kuyambira masabata 3 mpaka pafupifupi 12 kapena 14 chibadwire. Akatswiri John Paul Scott ndi John Fuller, amene anakhala zaka zambiri akuona kakulidwe ka ana a agalu ku Bar Harbor ku America, anasonyeza kuti kagalu kamene sikanakhudzidwe ndi munthu m'nyengo imeneyi kamakula koopa anthu moyo wake wonse. M'masabata omwewa ndi mmene kamaphunzira kwa mayi ake ndi abale ake kuti kuluma kwambiri kumathetsa masewera, n'chifukwa chake sikayenera kuchotsedwa pa bere kasanakwane masabata 8.

Tsono taonani zimene zimachitika m'mbali mwa misewu ya Lilongwe. Mnyamata waima padzuwa, m'manja monse muli tiagalu, watigwira pa chikopa cha pakhosi n'kutikweza m'mwamba kuti a m'magalimoto aone. Tina maso tangotsegula kumene. Tina tili m'katoni pansi pa chitsamba, topanda madzi kuyambira m'mawa. Wogula amauzidwa kuti ndi mtundu wa agalu a apolisi, amalipira pa windo, galimoto n'kunyamuka. Palibe amene akudziwa mayi wake, palibe katemera, palibe khadi. Tambiri timafa pasanathe sabata ndi matenda otsekula m'mimba magazi aja a parvo, ndipo timene tapulumuka timakalowa m'bokosi tisanaphunzire kalikonse za anthu. Choopsa china anthu sachidziwa: kagalu kakang'ono kamathanso kukhala ndi chiwewe, ndipo ndi kamene ana amakanyamula n'kumakapsompsona. Bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, lomwe linayamba ntchito ku Lilongwe mu 2008, lakhala likulimbana ndi malonda amenewa kwa zaka zambiri, koma bungwe lilibe mphamvu za khonsolo. Ogulitsa amaima poyera, m'misewu imene nanunso mumadutsa popita ku ntchito.

Galu saluma mwadzidzidzi monga timanenera. Amayamba wapempha kuti asiyidwe, kungoti sitimva chinenero chake. Yang'anani mwana wa zaka zinayi akuyandikira galu amene akudya. Galuyo amasiya kutafuna, thupi n'kuuma. Amatembenuzira mutu kumbali koma diso lili pa mwana, choyera cha m'diso chikuoneka. Amanyambita milomo, nthawi zina kuyasamula ngakhale alibe tulo, makutu atagona kumbuyo. Mwana akapitiriza, galu amalirira kukhosi, kenako amaonetsa mano. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, ndipo munthu wamkulu amene amazidziwa amangomunyamula mwanayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale kugwedeza mchira si nthawi zonse kumasonyeza kukondwa: mchira woimirira, wouma, wogwedezeka mofulumira koma pang'ono chabe ndi chenjezo.

Chimene timachita ifeyo galu akalirira kukhosi n'kumukwapula. Mantha ake sanathe, changotha ndi chenjezo lija, ndipo ulendo wotsatira amaluma osanena. Palinso chiphunzitso chimene chafala pakati pa ena ophunzitsa agalu a ulonda, chakuti galu uyenera kumugonjetsa ndi mphamvu kuti adziwe bwana wake, ati ndi mmene mimbulu imachitira. Maganizo amenewa anachokera pa kuona mimbulu yosadziwana yotsekeredwa pamodzi m'malo osungirako nyama, ndipo katswiri wa mimbulu David Mech, amene anathandiza kuwafalitsa, anadzalemba mu 1999 kuti kutchire gulu la mimbulu limakhala banja chabe, makolo ndi ana awo. Galu amaphunzira msanga akamapatsidwa kachakudya kapena kuyamikiridwa pamene wachita bwino. Amene akuphunzitsa agalu ndi zikwapu n'kumawabwereketsa kuti azilondera masitolo ndi nyumba za anthu, ndani akuwayang'anira?

Mwina mukuti zonsezi ndi chifundo chabe cha okonda nyama. Tiyeni tikambe za chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onse atatengera kwa galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse olumidwa ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja ndi kubwebweta, palibe chipatala chimene chingamupulumutse munthu. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti ena mwa ana amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe. Njira yothetsera ikudziwika: kubaya katemera agalu 70 mwa 100 aliwonse chaka ndi chaka. Dziko la Mexico linatsata njirayi mpaka WHO inavomereza mu 2019 kuti kumeneko chiwewe chochokera kwa agalu chinatha pakati pa anthu. Kuno kwathu tinaona kuti n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi yanu ya ziweto ndi bungwe loteteza nyama la Blantyre SPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, n'kupitirira mlingo wa 70 uja, ndipo ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe anachepa m'zaka zotsatira.

Apa ndi pamene kasungidwe ka galu kamakumana ndi umoyo wa anthu. Pa tsiku la katemera amene amabwera ndi agalu pa bwalo la sukulu ambiri ndi ana, wina wamumanga ndi luzi, wina ndi chidutswa cha neti, wina wangomuitana n'kumamutsatira. Agalu amenewo ndi ozolowera kugwiridwa. Galu wa m'bokosi uja ngakhale mwini wake amamuopa, ndiye angamutengere bwanji pagulu? Ofufuza atafunsa anthu a ku Blantyre chifukwa chimene sanapititsire agalu awo ku katemera, pamodzi ndi kutalika kwa mtunda ndi kusamva uthenga panalinso yankho lakuti galuyo sagwirika. Ena ankaganiza kuti kagalu kawo n'kakang'ono kwambiri, pamene pa kampeni ya chiwewe ana a agalu nawonso amayenera kubayidwa. Galu aliyense wosagwirika ndi mpata umene chiwewe chimadutsira.

Nanga mfuti? Agalu ambiri oyenda m'makwalala athu ali ndi eni ake, amangotuluka kukasaka chakudya kudzala, kubuchala ndi pa chiwaya. Amene amaomberedwa mosavuta ndi ofatsa, osathawa munthu, omwe aja anabayidwa katemera mwezi wathawu. Amantha ndi odwala amathawira m'zigwa. Mwini wa galu wophedwa amakagula kagalu kena kosabaya m'mbali mwa msewu, ena amabisa agalu awo kapena kuwatumiza kumudzi pamodzi ndi matenda omwe. Galu wamkazi amatha kuswa kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo malinga ngati zinyalala zilipo chiwerengero chimabwerera msanga. Pa chilumba cha Flores ku Indonesia anapha agalu ochuluka zedi chiwewe chitafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma matendawo sanathe. WHO pamodzi ndi bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse la WOAH amanena momveka kuti kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe. Ndalama za zipolopolo, mafuta ndi malawansi zikanagula katemera, kapena kulipirira masiku ofula agalu aamuna ndi kutseka aakazi m'madera a anthu osauka, kumene munthu sangakwanitse mtengo wa dokotala wa ziweto woima payekha.

Sindikunena kuti agalu azingoyendayenda m'tauni. Galu wodwala chiwewe ayenera kuphedwa, ndipo pamene matenda abuka kuletsa agalu kutuluka n'koyenera. Koma chilengezo chanu chizinena kumanga kwake n'kotani. Amene ali ndi mpanda amusiye galu ayende m'katimo. Amene alibe angathe kukoka waya wautali pakati pa mitengo iwiri, n'kulowetsamo mphete yolumikiza ku chingwe cha galu kuti azitha kuyenda uku ndi uku, kufika pamthunzi ndi pa madzi, m'khosi atavala lamba wa nsalu kapena wa chikopa wolowa zala ziwiri. M'mawa kapena madzulo ayende naye pa chingwe. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri, zimangofuna wina azinene. Zilembedwe m'malamulo a khonsolo m'mawu osavuta, ndipo kabokosi kotseka ka lata kaletsedwe.

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza tili nalo kale, la Protection of Animals Act, koma ndi lakale, anthu ambiri sanalimvepo, ndipo wapolisi wa pa kauntala ukamuuza za galu womangidwa ndi waya amayamba waseka. A Nduna, liunikidwenso. Mayiko ambiri anamanga malamulo awo pa mfundo zimene zinachokera mu lipoti la Brambell la ku Britain la 1965, zakuti nyama yowetedwa isavutike ndi njala ndi ludzu, ndi malo oipa, ndi ululu kapena matenda, ndi mantha, ndiponso ikhale ndi mpata wochita za chibadwa chake. Mfundo yomalizayi ndi imene galu wa m'tauni wamanidwa kwambiri. Alangizi a ziweto amene akuphunzira ku Mikolongwe ndi madokotala a ziweto amene akutuluka ku Bunda aphunzitsidwe khalidwe la galu mofanana ndi mmene amaphunzirira matenda a ng'ombe, kuti mlimi akabwera kudibi ndi galu wake azimva mawu awiri atatu othandiza.

Ana asukulu ndiwo ofunika koposa, chifukwa ndiwo olumidwa komanso ndiwo oweta enieni. Mission Rabies yakhala ikuphunzitsa m'masukulu a ku Blantyre, Zomba ndi Chiradzulu, koma mwana wa ku Mchinji kapena ku Karonga nayenso ayenera kudziwa kuti galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa samuyandikira, kuti galu akamuthamangira aime nji manja atawapinda osathawa kapena kukuwa, ndiponso kuti akalumidwa kapena kukandidwa asabise poopa kukalipiridwa. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Kambiranani ndi anzanu a zamaphunziro kuti zimenezi zilowe m'mabuku a ku pulayimale, ndi a zaumoyo kuti wolumidwa asamayende maulendo angapo pakati pa ofesi ya ziweto ndi chipatala n'kukauzidwa kuti katemera wa anthu watha. Mafumu awuze anthu kuti galu wodziwika mwini wake akaluma munthu asathamangire kumugenda. Atsekeredwe pabwino n'kuyang'aniridwa masiku 10, pamene wolumidwayo wayamba kale kulandira thandizo. Galuyo akakhalabe wathanzi ndiye kuti pa tsiku lolumalo sanapatsire chiwewe, ndipo akafa kapena kuphedwa mutu wake upite kukapimidwa.

Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo zaka zatsala zochepa. Pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, mudzaima pa nsanja monga mwa chizolowezi. Ndikupempha kuti tsikulo mudzabwere ndi chilengezo chatsopano cha kasungidwe ka agalu, cholembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndi tsiku limene makhonsolo adzayambe kuchotsa malonda a tiagalu m'misewu.

Ine wanu,
Nzika yoweta agalu, Lilongwe